Nkhope Yoyenera Ngolo ya Ba Piti

Imwe ana, mwaniseka mokwanira. Iwe Chipo, ninakumva dzulo pachitsime uli kuuza anzako ati, “Ambuye anga ali mufilimu, koma aoneka kamodzi chabe, kukamwa kuli yasa ngati kamwana ka mbalame.” Ni zoona, ninayasama, sinikana. Koma popeza mvula yatitsekera pakhonde, na nshawa izi sizingadzisende zokha, lekani nikuuzeni mmene filimu ija inatsala pang'ono kunama, na mmene ine, munthu wa Sitandadi Thuu, ninaphunzitsira anthu a madigiri. Senderani kuno. Amene adya zambiri kuposa zimene asenda, nili kumuona.

Niyambe na njala, pakuti nkhani zikuluzikulu za kuno ziyambira m'mimba. Ninali wamng'ono, mano akutsogolo atangochoka. Chaka chimenecho mvula inabwera kamodzi, inanyowetsa fumbi, inapita kukacheza kwina osabwereranso. Imwe mukati muli na njala mutanthauza kuti buledi ilibe bata. Ise tinakumba mizu ya busala m'thengo mpaka thengo linatopa nase. Tinadya zipatso za mpundu, titatha tinaphwanya njere zake na mwala kufuna kamene kali mkati. Amai anali kuika mphika wa madzi pamoto, kuvundikira bwinobwino, kuti ise ana tikhale chete poganiza kuti chilipo chimene chibwera.

Amai anali na mlongo wao wamkulu, amalume anga Ba Piti. Apa mvetserani, pakuti nkhani yonse yagona pa khungu lao. Ambuye anga aakazi ali mtsikana anagwira nchito pa pulazi ya mzungu wina, Mbunu, kutsidya kwa mtsinje wa Chongwe, ndipo mwana wao woyamba anabadwa wofiirira ngati dothi la pachulu, tsitsi ngati ndevu za chimanga, maso ngati a pusi. Mbunu uja sanakambepo ngakhale tsiku limodzi kuti uyu ni mwana wanga. Kupulazi amalume anali boyi, kudyera kuseri kwa khichini. Akabwera kuno kumudzi anali kamzungu, ndipo pa mowa anthu anali kuwafunsa ngati adziwa kumwera m'chipanda. Kuuko ai, kuno ai.

Nchito yao inali kuyendetsa ngolo. Osati tuzikochikala utu twa mawilo a motoka tumene mutengera madzi. Ngolo yeniyeni: magudumu anai a mtengo ovekedwa chitsulo, ng'ombe khumi na ziwiri, iliyonse na dzina lake. Chikwapu chake chinali chachitali kuchoka apa kufika pa mtengo wa mango uwo. Amalume akachiliza, chinali kuphulika pamwamba pa khutu la ng'ombe yaulesi osaikhudza, iyo niyamba kukoka ngati yakumbukira kuti ili na mlandu.

Njala itafika poti tayamba kuika tiana m'manda, kupulazi shedi inali yodzala chimanga mpaka ku malata. Tsiku lina Mbunu anapita ku Lusaka. Amalume, dzuwa lili tswee, anamanga ng'ombe, anapakira masaka, anakwera pakhonde la nyumba yaikulu pamene sanali kuloledwa kuponda, anatenga chisoti cha khaki, jekete na kaliwo wa fodya. Anavala, anakhala pa ngolo, msana njoo.

Vuto linali pa mlatho. Masiku amenewo a boma anaika amesenjala pamenepo, ogwira munthu wakuda aliyense wonyamula chimanga popanda kalata. Ngakhale kadengu kamodzi, unali kugona ku boma. Koma amesenjala aja poona patali nkhope yofiira pansi pa chisoti, kaliwo pakamwa, anaimirira, anamenya sawasha, dzanja pachipumi ngati asilikali. Amalume anangogwedeza mutu pang'ono osakamba kanthu, monga achitira azungu, ngolo niwoloka. Inalowa m'mudzi muno dzuwa lili pamutu. Phokoso la magudumu aja nikali kulimva na lero, ngakhale khutu ili lakumanzere linapuma nchito kalekale.

Tinadya, ana inu. Tinakazinga, tinasinja, tinaphika, ena anatafuna chosaphika. A ku Nkomeshya anabwera na madengu, a ku Bundabunda anabwera na nsalu. Patapita masiku atatu anabwera apolisi. Anamangirira amalume pa gudumu la ngolo yomweyo niwakwapula, mwana wao Rozi ali kuona, kenaka anapita nao kundende. Pobwera, msana uja sunaongokenso.

Tiyeni tilumphe zaka, pakuti zambiri mwa izo zinali za kulima, kukwatira ambuye anu na kukangana nao za mchere. Koma filimu sininayambe kuiona dzulo iyai. Nili mnyamata inali kubwera lole ya bayisikopo, niwalitsa pa chipupa cha sukulu. Munali mahachi, mfuti, akazi a tsitsi lalitali. Munthu wakuda akaonekera, mwina wanyamula katundu pamutu, mwina ali kuthawa. Ise tinali kuseka na kuomba m'manja. Ninafika poganiza kuti kamera ni chinyama chimene chikaona ise chiona miyendo chabe.

Ndiye zaka zitatu zapitazo, m'nyengo ija yotentha mvula isanagwe, zinafika motoka ziwiri pabwalo apa. Munatuluka mtsikana wa ku Lusaka, Natasha, wa tsitsi lolukidwa ngati zingwe za joko. Mwana waulemu, anagwada mpaka fumbi kumaondo. Ati nkhani ya ngolo anaimva ali kuphunzira ku Chalimbana, kwa mai wina wogulitsa vitumbuwa, ndipo afuna kupanga filimu. Anabwera kwa ine pakuti mwa onse amene anadya chimanga chija tinatsala awiri: ine na Ba Rozi, mwana wa amalume. Muwadziwa Ba Rozi, msuweni wanga uja amene amanitcha mwamuna wake wopanda pake. Tinyozana kuyambira tili osavala. Ninatuma munthu kukawaitana, anabwera na ndodo yao na kabotolo ka fodya wa m'mphuno.

Kumotoka yachiwiri kunatuluka mnyamata wa magalasi, Kelivini, wonyamula kamera. Pambuyo pake kunatuluka mzungu, wamtali ngati mlongoti, wofiira ngati tomato wa mawa. Anapereka moni bwino, dzina ati Maiko.

“Nanga awa ni andani?” ninafunsa.

“Ba shikulu, aba ndiye Ba Piti bathu,” anayankha Natasha, kunitcha ambuye m'kalankhulidwe ka m'tauni.

Ninayang'ana Ba Rozi. Ba Rozi anayang'ana kabotolo kao.

Kelivini anakonza magalasi. “Mudala, mufunika kumvetsa. Filimu iyi tifuna ikaonekere na kunja. Bazungu bakaona nkhope yao pa chithunzi ndiye bamabwera kutamba. Elo nkhani ikamba kuti benze oyera, si mwamene?”

“Niuze, mwana wanga,” ninatero. “Mzungu akatenga chimanga mu shedi ya mzungu, kuika pa ngolo ya mzungu, kupatsa anthu akuda, chimenecho muchitcha chani kusukulu kwanu?”

“Chifundo.”

“Ehe. Nanga unamvapo munthu wakwapulidwa pa gudumu chifukwa cha chifundo? Mukaika uyu pa ngolo, adzukulu anga azakula ali kuyamika Mbunu amene anatimana.”

Ba Rozi anaimirira pang'onopang'ono, mawondo ali kulira. “Atate anga sanadyepo pa tebulo,” anatero. “Ngati mufuna kuika uyo, yembekezani niyambe nafa. Sinichedwa.” Anapita kwao osatsazika.

Apo ndiye ninadziwa kuti iyi si nkhani ya masewera. Amalume sanajambulidwepo chithunzi moyo wao wonse. Nkhope imene izakwera ngolo mufilimu ndiyo izakhala nkhope yao mpaka muyaya, ndipo mwana wao, wa zaka zofanana na zanga, azapita kumanda ataiona.

Maiko, kunena zoona, anali munthu wabwino. Natasha atamumasulira, anaseka niati mudala akamba zoona. Natasha anamupatsa malo a Mbunu mufilimu. Koma mnyamata uja anali waulemu kwambiri, akakalipira antchito anali kumaliza na “pepani”. Ba Rozi ndiwo anachita kumuphunzitsa kutukwana, masiku awiri pansi pa mtengo, mpaka anatukwana bwino, iwo niomba m'manja.

Patapita masabata awiri Natasha anabweranso, maso ali kuwala. Anabwera na mwamuna uja muona pa wailesi ya kanema, wakuda bii, chifuwa ngati chitseko cha tchalitchi. Akazi a midzi itatu anasiya mitondo. Ngakhale ambuye anu anavala duku la pa Sande, ati ali kupita kukaona odwala. Odwala ake anali pa motoka.

“Ba shikulu, munanitsegula maso,” anatero Natasha. “Tatopa kuona bazungu batipulumutsa mu mafilimu. Ngwazi yathu ikhale yakuda monga ise.”

Mau aja anali okoma, ninatsala pang'ono kuwameza. Zaka zonse zija za bayisikopo ninali kufuna kuona munthu wotere ali kutsogolo, osanyamula sutukesi ya munthu. Koma ninati tiyeni tiyese. Tinamuveka chisoti na jekete, tinamukweza pa chikochikala, ninati akayambire kuchulu uko. Natasha na Kelivini ninawaimika pa msewu.

“Imwe ndimwe amesenjala, apa ni pa mlatho. Muona chani?”

Natasha anatchinga maso na dzanja. “Niona mwamuna wakuda wavala chisoti cha mzungu.”

“Uzachita chani, iwe wa magalasi?”

Kelivini anakanda m'mutu. “Nizamumanga.”

“Wamumanga. Chimanga chabwerera ku shedi. Ine nafa nili na zaka zisanu na chimodzi, ndipo palibe wokuuzani nkhani iyi.”

Ninawauza kuti khungu lija ndilo linali kalata ya amalume pa mlatho. Linawamana tebulo kupulazi, linawamana abwenzi kumudzi, koma tsiku limodzi linatidyetsa tonse. Ninawauzanso chimene sichikoma kukamba: kuti si Mbunu yekha anawakana. Ise eni ake tinali kuwaseka. Ine amene, nili kamwana, ninali kuimba nao kanyimbo kowanyoza akamadutsa. Mukawadetsa kuti afanane nase, mwatisambitsa mlandu umene sitinapepese.

Natasha analemba zimenezo m'kabuku kake. Koma Kelivini anali na nzeru zina, nzeru za m'tauni. Ati munthu wa pa kanema wabwera kale, anthu amukonda, tingomuyeretsa pang'ono. Anatulutsa mabotolo na tumabokosi twa paudala, anamupaka kumaso, m'khosi, m'manja. Paudala itachepa anaonjeza ufa woyera wa ambuye anu. Ali mumthunzi anaoneka ngati munthu amene wadwala miyezi itatu. Atakwera pa chikochikala padzuwa lija, thukuta linayamba nchito yake. Mizere, mizere, mizere. Pofika pa msewu inali mbidzi yovala chisoti, Natasha niaijambula na foni. Ng'ombe imodzi inatembenuka niyamba kumunyambita dzanja.

Ba Rozi anaseka mpaka tinawamenya pamsana. “Atate anga,” anatero ali kupukuta misozi, “sanali chitumbuwa chogwera mu ufa!”

Wa pa kanema uja naye anaseka, anasamba, niapempha kuti akhale mkulu wa amesenjala. Sawasha imene anamenya mufilimu, ngakhale msilikali weniweni angachite nsanje.

Manje nthawi inali kutha. Mitambo inayamba kusonkhana kum'mawa, ndipo filimu ya njala sungaijambule udzu utabiriwira. Natasha anakhala pa mpando uwo, mutu m'manja. “Ba shikulu, munthu wa khungu limenelo, wodziwa chilankhulo cha kuno, nizamupeza kuti?”

Ine ninali kumudziwa. Ba Rozi naonso anali kumudziwa, koma anatseka pakamwa dala. Mdzukulu wao Boyidi, uja awotcherera zitsulo pa msika wa Chongwe. Magazi ali ngati mbeu ya dzungu ya padzala: ungaiwale kuti inatayidwa, chaka china wangoona yamera. Ana a Ba Rozi onse anabadwa akuda ngati ine, koma mdzukulu uyu anatuluka Ba Piti, tsitsi, maso, mpaka kaimidwe. Mwamuna wa zaka makumi atatu, wa mkazi na ana awiri, wosakonda kuyang'ana munthu kumaso.

“Musamuvute mwana,” anatero Ba Rozi. “Wasekedwa mokwanira.”

“Mkazi wanga, khala chete. Nkhani za amuna izi.”

“Mwamuna uti? Iwe amene unathawa mbuzi pa ukwati wako?”

Zimenezo ni zabodza, inali nkhosa yamphongo, ndipo inali na nyanga. Mawa lake ninakwera minibasi na Natasha. Tinamupeza Boyidi ali kuwotcherera geti, moto uli kuthetheka. Ninamufotokozera zonse. Anamvetsera osazimitsa makina.

“Ambuye,” anatero, “kuyambira kusukulu ine ni mzungu wosauka, ine ni mkaladi alibe kwao. Nikakwera basi, kondakita ati bwana lipirani kawiri. Manje mufuna muniike pa chipupa kuti Zambia yonse iniseke? Awe. Sakilani wina.”

Natasha anayamba kukamba za mbiri ya dziko na ulemu wa makolo. Ninamutsina kuti aleke. Munthu wopsa mtima sumupatsa ulaliki. Ninapempha foni yake, ninati anionetse chithunzi chija cha mbidzi yovala chisoti, ninachiika pamphuno pa Boyidi.

“Chabwino, mwana wanga, sitikukakamiza. Tizachita na awa. Ona bwino, awa ndiye atate a ambuye ako.”

Anayang'ana nthawi yaitali. Anazimitsa makina.

“Aba ndiye bazankhala Ba Piti?”

“Ee. Ufa tagula kale saka yathunthu.”

Bodza limenelo ninalilapa pa Sande. Boyidi anavula magolovesi, anawaika pa geti. “Ine ng'ombe siniziba kuyendetsa.”

“Ng'ombe tizakuphunzitsa. Nkhope ndiyo sitingaphunzitse munthu.”

Ana inu, masabata atatu otsatira ni amene ninaseka kwambiri moyo wanga wonse. Ngolo yeniyeni kunalibe m'dziko lonse lino, ndiye Boyidi anaipanga yekha, ine nili kumuuza zimene nikumbukira, Ba Rozi ali kunitsutsa pa chilichonse. Pa magudumu anapambana iwo, pa mpando ninapambana ine. Ng'ombe tinabwereka m'makola asanu, tinapeza zisanu na zitatu chabe, zosadziwana, iliyonse ifuna kubwerera kwao. Tsiku loyamba Boyidi analiza chikwapu, chinamuzinga m'khosi mwake. Tsiku lachiwiri chinachotsa magalasi a Kelivini. Ine ninati mwana uyu aphunzira msanga, wayamba kale kudziwa ng'ombe yaulesi.

Ine ninapempha kuti nikhale nkhalamba yofa na njala. Kelivini anayang'ana mimba yanga, niati, “Mudala, njala ya mtundu uyu sitinaionepo.” Ananibisa kuseri kwa nkhokwe, kuonetsa mutu chabe. Ndiye chifukwa chake muona kukamwa kokha. Koma kuyasama kuja sikunali kwa masewera. Ngolo itatulukira pakona paja, fumbi lili kumbuyo, munthu atakhala njoo pansi pa chisoti, ninaiwala kuti kuli kamera. Madontho oyamba a mvula anagwa Kelivini ali kulongedza zingwe zake.

Filimu inabwera titakolola. Anaionetsa m'tchalitchi masana, mawindo titatseka na zitenje na masaka. Anthu anadzala mpaka ena kukhala pa guwa, abusa niayang'ana kumbali. Ba Rozi anakhala pa benchi yakutsogolo, atanilanda magalasi anga, ati mwamuna wopanda pake safunika kuona bwino. Boyidi anaima kumbuyo pafupi na chitseko, kuti anthu akayamba kuseka athawe.

Maiko atatukwana pa chipupa, amai ena anamuponyera chitsononkho. Amesenjala atamenya sawasha, tchalitchi chonse chinaphulika, nthungululu, malikhweru, ena kumenya mabenchi. Palibe anaseka Boyidi. Amuna amene anali pafupi naye anali kumugwira mapewa, kumugwedeza ngati wagoletsa chigoli.

Ndiye ngolo inayamba kulowa m'mudzi, nkhope ija inadzaza chipupa chonse. Ba Rozi anatsetsereka pa benchi, anagwada pansi, mawondo omwe aja olira, niayamba kuomba m'manja mwaulemu monga mwana wamkazi alonjera atate ake ochokera ku ulendo.

“Mwafika, atate,” anatero. “Mwafika.”

Ine ninali na kanthu m'diso, mwina fumbi la masaka.

Chithunzi chinasintha, panaoneka motoka ya apolisi ili kubwera patali. Ba Rozi anakweza ndodo.

“Imitsani! Bwezani ngolo.”

Natasha anathamanga niagwada pambali pao. “Ba mbuya, kwatsala pang'ono chabe. Kutsogolo ndiye kuli mbali yofunika maningi.”

“Zakutsogolo ninaziona na maso anga awa, sinifuna makina anithandize. Bweza ngolo, mwana wanga.”

Natasha anayang'ana ine, pakuti ndine ninamuvutitsa miyezi yonse ija kuti filimu isabise kanthu. Mathero aja, a zikoti na ndende, ni oona, ndipo ku Lusaka awaonetsa onse. Koma ine wa choonadi uja, ninangomva pakamwa panga pali kukuwa pamodzi na tchalitchi chonse: “Bwezani! Bwezani!”

Kelivini anabweza. Ngolo inawolokanso mlatho, amesenjala anamenyanso sawasha, Ba Rozi anaombanso m'manja. Atatha anati bwezaninso. Masana amenewo amalume anafika m'mudzi muno kasanu, chimanga chili chodzala, ndipo palibe anawakwapula.